Mwandida Pamsana pa Azakhali Ake

Ana inu, mawu amene akulu timaponya pokamba nkhani musamayese kuti anangogwa ngati matalala. Mwambi uliwonse uli ndi khomo limene unatulukira. Mukafunsa kwina adzakuuzani zina, koma ife a ku Msampha, kuseri kwa mapiri a ku Dedza, pali mwambi umene tikaumva timakumbukira mtsikana wina dzina lake Mwandida, ndi azakhali ake, a Nangondo.

Mwandida anali mwana wanzeru zakuthwa. Atangomaliza sekondale anadwala nthenda imene inamugoneka miyezi, ndipo pochoka inapita ndi miyendo yake. Manja anali amphamvu, mutu uli bwinobwino, koma kuyambira m'chiuno kutsika kunalibe chomvera. Mayi ake anali atamwalira kale, bambo ake anapita ku Joni osatumizanso ngakhale moni. Amene anamutenga anali mlongo wa bambo akewo, a Nangondo, mayi wamtali, wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula. Nyumba yawo inali pansi penipeni pa chigwa, pamene dzuwa limafika mochedwa, ndipo Mwandida ankaswera pakhonde atakhala pa njinga yake ya olumala, kuyang'ana phiri lomwelomwelo.

Tsiku lina kunabwera anthu a bungwe lina lothandiza ophunzira. Atacheza naye anamulembetsa maphunziro a uphunzitsi ophunzirira pakhomo. Anamusiyira foni yaikulu ndi kabokosi koyera ka intaneti kokhala ndi timagetsi tobiriwira. Kamlongoti kake anakamangirira pansonga ya nsungwi yaitali kuti kazikola netiweki yodutsa pamwamba pa phiri. Potsanzika anati, "Zimenezi n'zaulere." Anajambulitsa chithunzi, galimoto n'kunyamuka.

Zimene Mwandida anaona m'foni muja zinamuumitsa pakamwa. Mphunzitsi ali ku Lilongwe ankalankhula ngati wakhala naye pamphasa. Anaona mmene nyemba imang'ambikira pansi pa nthaka, anaona mkati mwa diso la munthu, anaona maiko amene madzi amauma ngati mwala anthu n'kumayendapo.

"Azakhali, dziko lonse lalowa m'nyumba mwathu muno!"

"Lisatithyolere denga," anatero a Nangondo, n'kupitiriza kusenda kachewere.

Ku Msampha kunalibe magetsi. Kabokosiko kankadya moto wa batire ya galimoto, yakale, yosachedwa kutopa. Mwandida ankadziwa kuti imakatchajidwa kuchigayo cha pamtunda, koma sankaziganizira kawiri. Podzuka ankapeza azakhali ake atachoka kale, dzuwa likafika pamutu n'kuwaona atulukira, timagetsi tija n'kuyaka. Za bandulo, chakudya chenicheni cha kabokosiko, ankangoti a bungwe akulipira, chifukwa sinatheko ngakhale tsiku limodzi.

Pafupi nawo pankakhala kalipentala wina, a Zakaliya, bambo wa ana ambiri. Ataona zodabwitsazi anabwera masana ena, a Nangondo kulibe.

"Mwanawe, kodi chinthu chimenechi chimalira zingati pamwezi?"

"Sichilira kanthu, bambo. Mukagula kabokosi mwathana nazo. Intaneti ili ngati mphepo, imangodutsa pamwambapa, yongofunika kuikola."

A Zakaliya anali ndi nkhumba imene ankaisungira feteleza. Anaigulitsa n'kukagula kabokosi kawo kuboma, ana awo akuvina. Mwezi usanathe anabweranso, nkhope itagwa.

"Unandinamiziranji, mwana iwe? Kazima kaja. Akuti bandulo, ndaika, yatha ngati mchere m'madzi. Chaja yapsa. Tsopano akuti ndigule batire. Ndaweta mwana wa ng'ona, ndimudyetsa chiyani? Munda uja ndithira chiyani?"

"Mwina ana anu akungoonerapo mpira," anayankha Mwandida. "Chathuchi sichinazimepo. Anthu mumangokonda kudandaula, zinthuzi n'zosavuta."

A Zakaliya anatembenukira kwa a Nangondo, amene ankapeta nyemba pambali. Mayiwo anapukusa mutu pang'ono, osakweza maso. Kalipentala uja anameza mawu ake n'kubwerera.

Inafika nyengo yozizira, nthawi ya mayeso omaliza. Mayesowo anali akuti wophunzira aonekere pafoni m'mawa, aphunzitse phunziro pamaso pa oyesa. Wophonya ankayenera kudikira chaka china, ndipo a bungwe anali atanena kuti sadikira munthu. Kutatsala tsiku limodzi, mwera unawomba madzulo, nsungwi ija inathyoka, kamlongoti n'kuphwanyika pamwala. Timagetsi tinasanduka tofiira. Mwandida anazimitsa, kuyatsa, kugwedeza, koma ayi ndithu. Anaika nkhope m'manja.

"Pachigayo netiweki imagwira popanda nsungwi," anatero a Nangondo. "Tipita komweko."

"Njinga yangayi ikwera bwanji phiri? Msewu ndi wozungulira, tikafika atatseka."

"Wanena za njinga ndani?"

M'mbandakucha anamuveka juzi, n'kumubereka ndi zitenje ziwiri monga aberekera khanda, foni ndi kabokosi zili m'kachikwama pakhosi. Mwandida anachita manyazi, mtsikana wamkulu kuberekedwa. Koma atangodzuka naye a Nangondo, manyazi anathawa. Anadzuka kamodzi, osabuula, osagwira pabondo.

Sanalowere kumsewu. Anadzera kuseri kwa khola n'kulowa m'kanjira kopapatiza kodula m'tchire, kolunjika kuphiri.

"Njira imeneyi sindikuidziwa, azakhali. Kale kunalibe."

"Ndi yachidule."

Udzu wa tsekera unali wautali mbali zonse, ukuwerama n'kumatseka kanjirako, koma a Nangondo ankangoupasula ndi chifuwa. Phazi lawo linkadziwa mwala uliwonse. Pamalo potsetsereka ankaponda m'timaenje tooneka ngati tinakumbidwa poyeza phazi lawolo. Mwandida ankamva msanawo ukugwira ntchito pansi pake, wotentha, wolimba ngati thunthu la muwanga, mpweya ukulowa ndi kutuluka mosathamanga.

Atakwera ndithu, kunayamba kuyera. Mwandida anacheuka. Chigwa chonse chinali chitadzala nkhungu, yoyera mbee, mapiri atangotulutsa mitu. Mudzi wawo sunkaoneka n'komwe. Kenako dzuwa linasuzumira, nkhungu ija n'kuyaka ngati yathiridwa moto. Chidwalireni anali asanaone kumwamba kukula chotere. M'foni anaona maiko ambiri, koma izi zinali kuseri kwa nyumba yake.

Mkulu wina wotulutsa ng'ombe anaima pambali kuwapatsa njira, n'kuvula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, a Njovu? Lerotu katundu wasintha!"

"Wa lero ndi wolankhula," anayankha a Nangondo osaima.

Pakamtsinje amayi otunga madzi nawonso anati, "Wawa, a Njovu!" Mwandida anadabwa. Dzina limeneli anali asanalimvepo.

"Azakhali, akukutchulani chiyani anthuwa?"

"Anthu a pamtunda ndi amacheza. Gwiritsa."

Anafika pachigayo chikulira kale, anthu atandanda ndi malichero ndi matumba. Mwini chigayocho, a Nasoko, mayi wachikulire wa ufa m'nsidze, anatuluka n'kuthandiza kumutsitsa Mwandida pamatumba a chimanga. Analumikiza kabokosi kumagetsi, timagetsi n'kubiriwira nthawi yomweyo. Mwandida anawomba m'manja ndi chimwemwe. Anadzisisita juzi, youma gwa.

"Tayenda bwino zedi," anatero mokweza. "Ndimaopa kuti tinyowa, koma lero kunja kulibe ndi mame omwe!"

A Nasoko anamuyang'ana.

"Ukuti kulibe mame? Tatembenuka, mwanawe, uone chimene wakwerapo."

Mwandida anatembenuka. Azakhali ake anali ataima padzuwa, akumasula chitenje. Kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi anali atanyowa ngati awoloka mtsinje. Anapotokola chitenje, madzi n'kuchucha mpaka kuyenda pansi. Miyendo inali yokalikakalika ndi udzu, zipsera zatsopano pamwamba pa zakale. Zidendene zinali ndi ming'alu yolowa chala. Thupi lonse linkafuka nthunzi.

"Njira mwadzerayo," anatero a Nasoko, "palibe anailima. Aiponda ndi mapazi awowo, batire ili pamutu, m'mawa uliwonse. Poyamba tinkawaseka. Titaona kuti tchire lagonja lokha, m'pamene tinawapatsa dzina. Akafika amasesa muno, amanyamula matumba amene amuna awiri amagwirizana, kuti batire idye moto. Akachoka pano amakatungira madzi kusitolo uko, n'chifukwa chake bandulo yako siitha. A bungwe analipira mwezi woyamba basi. Kachewere wa chaka chino unamuona akulowa m'nyumba? Anathera pa chaja ndi madzi a batire."

"Mayi, mwanayu ali ndi mayeso," anatero a Nangondo chapansipansi.

"Ayambe wakhoza awa," anayankha a Nasoko. Anaweramira kwa Mwandida n'kumugwira pachibwano. "Mwana wanga, ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame."

Mwandida anayang'ana mapazi aja, anayang'ana timagetsi tobiriwira, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti n'chinthu chimodzi. Phunziro lililonse limene anamva, chithunzi chilichonse chimene anachidabwa, chinakwera phiri ndi kutsika pamutu pa munthu. Anachita mantha, mantha amene munthu amachita akaima patsinde pa mtengo waukulu umene wakhala akudya zipatso zake osauona. Misozi inayamba kutsika.

A Nangondo anabwera n'kumupukuta ndi chikhatho chozizira.

"Ndakubereka mtunda wonsewu kuti udzalire? Konza kolala. Anthu a ku Lilongwe asaone ngati kwathu kuli maliro."

Foni inalira. Pamenepo a Nasoko anachita chimene anali asanachitepo dzuwa lili m'mwamba: analowa n'kuzimitsa chigayo. Phokoso linatsika pang'onopang'ono mpaka zii. Palibe anadandaula. Amayi anakhala pansi ndi malichero awo, amuna anatsamira njinga zawo, ana anagwidwa pakamwa. Mwandida, atakhala pamatumba a chimanga, anaphunzitsa za mmene mvula imapangikira. Mawu anayamba monjenjemera, kenako anakhazikika, mpaka agogo ena anayiwala kuti ndi mayeso n'kufunsa funso. Oyesa aja anaseka, n'kumuuza kuti ayankhe. Anayankha bwino.

Pobwerera dzuwa linali litaumitsa udzu. Mwandida sanayang'anenso mapiri. Ankayang'ana pansi, pamene phazi linkaponda.

"Azakhali, bwanji simunandiuze?"

"Ukadadziwa ukadazimitsa kabokosi."

"Ndikadazimitsadi."

"Ndiye wadziyankha wekha."

Asanafike pakhomo anapempha kuti amudutsitse kwa a Zakaliya. Anawapeza akupala thabwa.

"Bambo, ndinakulakwirani. Ndinakuuzani mtengo wa chinthu chimene sindinalipirepo. Nkhumba yanu inapita chifukwa cha pakamwa panga."

Kalipentalayo anaika pansi chopalira chake. "Ine ndinadziwa tsiku lomwe lija. Azakhali akowa anandiletsa popukusa mutu."

Nkhumba sinabwerere, ndipo chaka chimenecho chimanga cha a Zakaliya chinali chachikasu chifukwa chosowa feteleza. Koma kamlongoti ka kabokosi kawo kozima kaja bamboyo anakachotsa n'kukamangirira pa mtengo wa bulugamu umene anaimika okha pakhomo pa a Nangondo. Mabanja awiriwo, kenako anayi, anayamba kudyera kabokosi kamodzi, kusonkherana bandulo, batire n'kumanyamula mosinthana. Zotsatira zitatuluka Mwandida anali atakhoza, ndipo ana a m'chigwa anayamba kusonkhana pakhonde paja masana. Mlendo aliyense wofunsa ngati intaneti ya pakhomo ndi yodula, ankamuuza zonse osabisa: moto wake, bandulo yake, zoperewera zake, ndi kuti funso loyamba n'lakuti adzasenze ndani.

Mawu a a Nasoko anatsika phiri ndi anthu amene anali pachigayo tsiku lija, mpaka anafika kutali kumene sadziwa n'komwe za Msampha: ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Njovu ndi yaitali, ndipo wokhala pamsana pake udzu sumukhudza. Akafika wouma, n'kosavuta kuganiza kuti dziko lonse ndi louma, n'kuyamba kuseka oyenda pansi kuti akunyowa chifukwa cha ulesi. Komatu mame alipo, angogwera pa wina. Chinthu chikamakufikirani mosavuta, kaya ndi sukulu, kaya ndi nsapato, kaya ndi kabokosi kowala pathebulo, musathamangire kunena kuti n'chotchipa, ndipo musanyoze mnzanu amene chamukanika. Yambani mwasuzumira pansi, muone amene wakunyamulani mmene miyendo yake yanyowera.