Katumbu ndi Dooko la Mvuu

Kalekale, nyama zikadayankhula kuposa inu nonse muli panomu, panyanja panalibe malo abwino oimikapo bwato. Gombe lonse linali bango, miyala ndi maphompho. Ine ndinaliko. Masiku amenewo ndikangotsokomola m'mbali mwa madzi, chambo chinkadumphira chokha mumtanga.

Tsono panali Katumbu, mkamwini, wosodza ndi bwato la apongozi ake. Bwato limenelo, abale inu, ukafuula kutsogolo, wakumbuyo ankamva mawa lake. Apongoziwo anatumiza mawu kudzera mwa mwana wawo: “Uwauze amuna akowo, bwatoli likadzasweka adzapinde mphasa yawo azipita kwawo.”

Koma Katumbu anali woumira. Akapha nsomba ankaziphimba ndi udzu. Ng'ona akapempha ndiwo, iye amvekere, “Lero zavuta, malume.” Ng'azi akapempha, “Lero zavuta, achimwene.” Kakowa akapempha ngakhale katemba kamodzi, “Lero zavuta, achemwali.” Chonsecho bwato lili tho!

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mwera unadzuka. Mafunde ake, ine ndinawayeza ndekha, ankaposa mlambe. Katumbu, ali pakati pa nyanja ndi bwato lija, anangoganiza za mphasa ija.

Anapalasa mpaka pamchenga wa Ng'ona. “Malume, ndikocheze pano!”

Ng'ona anatsegula diso limodzi. “Lero zavuta, mphwanga.”

Anapalasa mpaka kuseri kwa mwala wa Ng'azi. “Achimwene, ndibisale pano!”

“Lero zavuta,” anatero Ng'azi akunyambita milomo.

Anapalasa mpaka m'bango la Kakowa. “Achemwali, chonde!”

“Iii, achimwene, lero ndiye zavutiratu.”

Nkhafi inathyoka. Madzi anayamba kulowa. M'maganizo Katumbu anangoona mphasa yake itapindidwa kale, mkazi wake akumuperekeza mpaka pamphambano.

Pomwepo Mvuu anavuuka. Ameneyu sadya nsomba, choncho Katumbu anali asanamumanepo kanthu.

“Iwe mkamwini wa eni, ukulira chiyani? Lowa m'dooko langali.”

“Dooko n'chiyani, mayi?”

“Ndimo timatchulira kwathu. Ndi khomo limene ndimatulukira pokadya msipu. Ndaliponda zaka zambiri, phompho linagona lokha.”

Katumbu anapalasa ndi manja n'kulowa. Munali mwabata ngati madzi a mumtsuko. Koma mwera unkakulirakulira, ndipo mafunde anayamba kusuzumira momwemo.

“Likokere kumtunda msanga,” anatero Mvuu. “Ine sindilikhudza. Ndikangolikankha, apongozi ako alandira nkhuni.”

Katumbu anakoka. Bwato osasuntha. Anakokanso mpaka ndevu zinaweramira pansi. Bwato osasuntha. Atacheuka anaona Ng'ona, Ng'azi ndi Kakowa atabwera kudzaonerera, atakhala bwinobwino ngati pa gule.

“Koma bwato lopanda kanthu kulemera chonchi?” anafunsa Kakowa. “Kapena ndi udzuwo?”

Katumbu anayang'ana udzu, anayang'ana mafunde. Kenaka anauvundukula. Chambo, milamba, makumba, mbwee!

“Malume, achimwene, achemwali,” anatero mutu uli pansi, “lero sizinavute. Ngakhale dzulo sizinavute. Tengani ndiwo, ndigwireni dzanja.”

Ng'ona anasankha mlamba waukulu, waung'ono pang'ono poyerekeza ndi umene ndinapha ine chaka cha dzombe. Kenaka anakulunga mchira kumutu kwa bwato. Ng'azi anagwira chingwe. Kakowa, poti alibe mphamvu, anayambitsa nyimbo. Kamodzi, kawiri, kachitatu, bwato gwa! pamtunda, lopanda ndi mng'alu womwe.

Apongozi atabwera analizungulira katatu, kuligogoda, kulinunkhiza, osapezapo cholakwika. Mphasa ya Katumbu inakhala pomwe inali, ndipo anabereka ana makumi asanu ndi awiri. Onsewo mayina ndinawatcha ndine.

Kuyambira pamenepo mawu a Mvuu aja tinawatenga ife anthu. Koma mumvetse bwino: si paliponse pamene madzi akumana ndi mtunda pali dooko. Dooko ndi pamene bwato lipeza bata, n'kupezanso manja olikokera kumtunda. N'chifukwa chake msodzi akakocheza, amene amuthandiza kukoka sabwerera opanda ndiwo.

Phunziro lake ndi ili: womana anzake nyanja ili bata, mwera ukadzuka amakoka yekha.

Nthano yanga yakocheza pamenepa. Ikokereni kumtunda, yatha.