Gologolo ndi Nyanda Yovala Kamodzi

Padangotero, kalelo nyama zisanayambe kuyang'anana zovala, poti panalibe ndi imodzi yomwe imene inkavala kanthu. Ena nkhaniyi amaikamba modumphadumpha, koma mmene inayendera ndi umu.

M'nkhalango ya mitengo ya mombo munkakhala Gologolo, kamayi kochepa thupi koma pakamwa ngati wailesi. Nyumba yake inali mphako ya mombo wamkulu kuposa yonse, wakalekale, momwe anabadwira iye, amake ndi agogo ake. Chaka chimenecho Gologolo sanasunge kanthu. Anzake akututa, iye anali kalikiliki kupesa mchira. Njala itamugwira pakhosi, anakhala panthambi n'kumasuzumira nkhokwe za Mayi Njovu ndi Mayi Mvuu, zodzaza mtedza ndi malambe, malovu ali chuchuchu.

"Kuba ndi ntchito ya mbewa," anadziuza yekha. "Ine abwera nazo okha, atasenza pamutu, n'kundithokozanso."

Anasenda kakhungwa ka mombo, n'kukaviika m'madzi, n'kukamenyamenya ndi mwala mpaka kanafewa ngati nsalu. Imeneyo ndiyo nyanda. Anaimanga m'chiuno, n'kukadutsa pakhomo pa Mayi Njovu akudzithyolathyola.

"Iwe Gologolo, wavulala? Wamanga chiyani m'chiunomo?"

"Kuvulala? Aa, mayi, iyi ndi nyanda! Kuseri kwa phiri amayi onse a maina akuvala. Ine ndimayesa yanu mwachapa." Anatsitsa mawu. "Ndinene poti ndimakukondani. Mayi wamkulu ngati inu kumayenda chonchi, msana wonse pamtunda, anzanu amalankhulatu."

Mayi Njovu anayenda choncho chibadwire, koma tsiku limenelo anamva mphepo ikuwadutsa thupi lonse. Anayesa kudziphimba ndi makutu, makutu osakwana.

"Bambo a Nachitamba!" anaitana amuna awo. "Tengani minyanga yanuyo mukasende makungwa. Mwanayu andisulire nyanda."

"Mayi," anatero Bambo Njovu, "mtengo ukausenda kuzungulira, umauma."

"Mitengo yonseyi? Inu kuumira basi! Mukufuna ndiziyenda ngati ndilibe mwamuna?"

Bambo Njovu anapita. Kuti nyanda ikwane thupi la akazi awo panalowa mitengo yambirimbiri. Gologolo anangomenya makungwawo, n'kulandira lichero la mtedza, zikomo pamwamba.

Mawa lake anali kudziwe kwa Mayi Mvuu.

"Mwawaona anzanu aja? Akutitu inu ngakhale mutavala, nyanda singakukhaleni. Ati mulibe chiuno."

"Watero? Njovu yemweyu, wa makwinya ngati chikwama?" Mayi Mvuu anavuuka m'madzi. "Ndisulire ziwiri!"

Posakhalitsa nkhalango yonse inavala. Koma nyanda ndi yolimba, munthu ukhoza kukalamba nayo, ndipo malichero anasiya kubwera. Gologolo anagona chagada m'mphako n'kuganiza. Mwayi wake, Nachitamba, mwana wamkazi wa a Njovu, anapeza banja, ndipo chinkhoswe chinali pafupi. Gologolo anathamangira kwa Mayi Njovu.

"Mayi, pachinkhoswe muvala chiyani?"

"Nyanda yanga ija. Ikadali nyuwani."

Gologolo anagwira pakamwa. "Imene anakuonani nayo kale? Mayi! Nyanda imavalidwa kamodzi. Kawiri, ndiye kuti m'nyumba mwalowa umphawi. Komanso yotuwayo ndi fashoni ya chaka chatha. Pano kuli yakuda."

Yakudayo inali nyanda yomweyo yoviika m'matope, koma inkadya malichero awiri. Itatha yakuda kunabwera yofiira, yopaka utomoni wa mlombwa. Akuchikazi anafuna yunifolomu yawo, akuchimuna yawo, a komiti yophika yawonso. Kukagwa maliro, yunifolomu. Mwana wa Njati akamera nyanga, yunifolomu. Zovala kamodzizo ankazitaya m'chigwembe kuseri kwa chulu, mpaka chigwembe chinadzaza.

Tsiku lina Mayi Mvuu anadandaula kuti mtengo wakwera. Gologolo sanaphethire n'komwe.

"Zimatengera mtengo umene tasenda, mayi. Mombo ukakhala wakale, nyanda yake ndi yapamwamba. Yanuyi yachokera ku mombo woti unaona agogo anu ali buthu. Zatimitengo tating'ono timapatsa a Njiri."

Mayi Mvuu analipira akumwetulira, n'kukaulutsa mawuwo dziwe lonse.

Mphako ya Gologolo inadzaza mtedza mpaka iye ankagona chokhala. Koma kunja mitengo inali itaima mbuu ngati mafupa. Mphalabungu sizinagwe, poti zikanadya masamba ati? Bowa sanamere. Njuchi zinasamuka osatsanzika. Dziwe la Mayi Mvuu linaphwa mpaka madzi ankalekeza m'mawondo. Nyama zinkayenda zitatchena, m'mimba muli kulira. Mombo wamasamba unatsala umodzi wokha, wa Gologolo, chifukwa iye ankati Bambo Njovu akauyandikira, amawauza kuti muli mizimu ya kwawo.

Ukwati wa Nachitamba unayandikira, ndipo amayi anakonza shawa yoti akamulangize mkwatibwi. Onse anafuna nyanda zatsopano. Makungwa kunalibe. Wina akanati basi, ndadya zakwana. Osati Gologolo. Anapita kuchigwembe kuja, n'kutola nyanda zotayidwa, kuzikung'untha, kuzimanga mtolo, n'kuyala pansi pa mtengo wake.

"Kaunjika! Belo latsopano, latsika kumene kuchokera kunja! Sankhani, amayi, zovala za madona a kutsidya kwa nyanja!"

"Bwanji zikununkha chinyezi?" anafunsa Mayi Njovu.

"Ndi fungo la sitima, mayi. Zakunja zenizeni zimatero. Imeneyo mwaigwirayo inali ya mkazi wa mfumu ya kumeneko. Ena ndawakaniza, ndimasungira inu."

Mayi Njovu anakokolola mtedza wotsala m'nkhokwe, wambewu womwe, n'kugula.

Tsiku la shawa analowa mochedwa dala kuti onse awaone. Anazungulira bwalo pang'onopang'ono, chitamba m'mwamba. Mayi Mvuu anayang'ana, n'kuyang'ananso, kenaka anayasamula kukamwa konse kuja n'kuseka mpaka kugwa chammbali.

"Anzanga, tabwerani mudzaone! Chibowo icho kumbuyoko ndinaboola ndine ndi dzino, pamaliro a apongozi a Njati! Amake mkwatibwi avala zotaya zanga!"

"Bodza! Iyi ndi yakunja!"

"Kunja kwake kuseri kwa chulu?"

Kuseka kunali apo, koma sikunakhalitse. Mayi Njati anayang'ana imene anavala Mayi Mvuu n'kuizindikira kuti ndi yawo. Mkazi wa Njiri anapeza yake pathupi pa Mayi Njati. Onse anazindikira kuti apusitsidwa. Kenaka fumbi linabuka, ulendo wa kwa Gologolo.

Iye anawaonera patali n'kukwera panthambi yapamwamba.

"Tsika, kambava iwe!" anakuwa Mayi Njovu. "Mwana wanga akukwatiwa. Ndikufuna nyanda yatsopano, yoti sinakhudzepo thupi la munthu."

"Mayi, mitengo inatha. Taonani nokha."

"Nanga wakwerawo ndi chiyani?"

"Uwu? Uwu ndi wachabechabe, wokalamba."

"Eyaa!" anatero Mayi Mvuu. "Si iwe unati mombo wakale ndiwo wa nyanda yapamwamba? Kani wabwinowo umadzisungira!"

Gologolo anakumbatira nthambi. "Muli mizimu, amayi."

"Mizimuyo tiisokera yunifolomu," anatero Mayi Mvuu.

"Dikirani! Uthenga wangofika kumene. Kunja asiya kuvala. Fashoni ya chaka chino ndi thupi lako lomwe, mmene unabadwira. Inu Mayi Njovu, ndi khungu lanulo, mukhala patsogolo pa onse!"

"Chabwino," anatero Mayi Njovu. "Tiyambe ndi kuvula nyumba yakoyi. Bambo a Nachitamba!"

Bambo Njovu anayang'ana masamba omaliza a m'nkhalangomo, n'kupuma mozama. "Mayi, uwu ndi mthunzi wokhawo watsala. Alendo aukwati akhala pati?"

"Akhala padzuwa, koma atiwona titavala. Sendani!"

Analowetsa minyanga. Koma mombowo unali wamphako kuyambira pansi mpaka pamwamba, wolemedwa ndi katundu. Unangoti kwee, kwee, phofo! Gologolo anauluka ngati chisoti n'kukagwera m'ziyangoyango. Mtengo unang'ambika pakati, ndipo mtedza, malambe ndi nthanga zinakhuthuka ngati nkhokwe yagumuka.

Nyama zanjala zija zinaiwala za ukwati. Zinagwada ndi nyanda zawo zakunja n'kuyamba kubwira. Gologolo ankangoona chuma chake chikulowa m'kamwa mwa Mayi Mvuu ndi makoko omwe. Khungwa lija atalisenda linangofumbutuka m'manja, chiswe chinali chitalidya kale. Silinatulutse ngakhale kampango.

Ukwati unachitika pambalambanda, dzuwa lili nye. Mkwatibwi anakomoka kawiri. Gologolo, wopanda nyumba, wopanda chakudya, anabisala kuseri kwa chitsa cha mtengo wake uja, atapinda mchira pamwamba pa mutu kuti apeze kamthunzi.

Mayi Mvuu, thukuta lili kamukamu, anamuona.

"Iwe, kaambulera kokongolako wakagula kuti?"

Pakamwa pa Gologolo panatseguka pokha, mwa chizolowezi. "Aka, mayi? Aka ndi kakunja. M'dziko lonse lino kalipo kamodzi kokha, ndipo amayi a maina..."

Analekeza pomwepo. Mayi Njovu anali atatembenuka, maso ali pamchirawo.

"Kamodzi kokha?" anatero Mayi Njovu mokoma. "Bambo a Nachitamba!"

Gologolo sanadikire kuti amve mtengo wake. Analiyatsa liwiro, ndipo mpaka lero mukamuona, amathamanga pang'ono, n'kuima, n'kucheuka, mchira ataukumbatira pamsana. Si mantha a chiwombankhanga ayi. Amaopa makasitomala.