Masikono a Mbatata ndi Chikwangwani cha a Kachingwe

Kalekale, koma osati kale la makolo, pamsika wina wa kuchigwa panali mayi dzina lake Felesiya, wophika masikono. Dzina la pachikwangwani cha sitolo yake silinali lake. Linali la a Kachingwe a ku Limbe, amene ankabwereketsa dzina lawo kwa ophika ambiri. Pangano lawo linali lakuti iwo azitumiza ufa Lolemba lililonse, Felesiya aziphika ndi ufa wokhawo, akasakaniza china chikwangwani chitsike. Anthu ankagula poona dzinalo, ndiye kulichotsa kunali kutseka sitolo.

Chaka china madzi anakokolola mlatho. Lolemba linadutsa, lina linadutsanso, lole ya ufa osaoneka. Thumba linatsala limodzi, Felesiya n'kugwira njakata.

Mng'ono wake Edina sankadziwa kukhala manja lende. Anaphika mbatata, n'kuzinyenya, n'kusakaniza ndi ufa wotsalawo. "Achemwali, njala sinasaine nawo pangano," anatero. Masikono anatuluka achikasu, ofewa, ndipo mzere wa ogula unakakhota kuseri kwa chigayo.

Mbiri inafika ku Limbe. Mlatho utangokonzedwa, a Kachingwe anatulukira ndi antchito awiri ndi makwerero. "Mwandinyozetsa ndi mbatata! Chikwangwani chitsike lero lomwe!" Felesiya anayamba kuchonderera, poti ana ake ankadya za pasitolo pomwepo.

Mlongo wake Zakeyu sanagwirepo ntchito yooneka, koma pakamwa anali napo. Anatulutsa mpando. "Bwana, mlandu sauyamba kukhosi kuli gwa. Kunyumba mwasiyako bwanji? Nanga amayi?" Anafunsa za ana, za ulendo, mpaka za galu. Tiyi anabwera ndi mbale ya masikono, antchito aja n'kutsamiritsa makwerero pamtengo. A Kachingwe anadya loyamba, lachiwiri, lachinayi. "Mwaona? Ufa wanga ukaphikidwa bwino umakoma chonchi." Zakeyu anangoti, "Indedi, bwana," n'kuwonjezera tiyi.

Pamene tiyi ankamwedwa, mchimwene wamkulu wa Felesiya, Lusiyano, anali akupalasa njinga kulowera kunyumba. Bamboyu ankasekedwa chifukwa sankataya pepala, ngakhale tikiti ya basi. Anakavundukula sutikesi kunyumba, nabwera ndi pangano lija thukuta lili kamukamu. "Bwana, ndime iyi ikuti ufa ukachedwa masiku khumi, wophika ali ndi ufulu wophika ndi chimene wapeza. Ikutinso chikwangwani sichitsika nkhani isanamvedwe ndi mkhalapakati. Inu munachedwa masabata atatu. Komanso mwadyawa ndi ambatata omwe aja."

A Kachingwe anayang'ana mbale, ili mbee. Anaseka mpaka kutsamwa. "Mwandigwira! Chikwangwani chikhale. Ndipo pamsika wa kutsidya ndikufuna sitolo ina ya masikono amenewa. Mayi, sankhani m'bale wanu woti akaiyendetse. Koma mmodzi, papangano pamalembedwa dzina limodzi."

Felesiya analulutira, n'kuvina pang'ono, koma atatembenuka anapeza maso asanu ndi limodzi akumuyang'ana. Chimwemwe chinasanduka mutu waukulu, poti onse atatu ankawakonda.

"Popanda mbatata zanga sitolo ikanafa kalekale," anatero Edina.

"Mbatata zakozo ndiye zinaitana makwerero," anayankha Lusiyano. "Latipulumutsa ndi pepala."

"Achimwene, pepala lanulo likanapeza khoma lopanda chikwangwani," anatero Zakeyu. "Wawakhazika pansi n'kuwalawitsa ndani?"

A Kachingwe anamupatsa Felesiya cholembera, ndipo mpaka tiyi anazizira asanalembe kanthu. Tsono inu mwamva nkhaniyi, muthandizeni mayiyu: alembe dzina la ndani, Edina, Zakeyu kapena Lusiyano?