Singano Yodula

Ku Limbe kunali munthu wina wa khutu losankha. Wailesi ikamalira ndi kaphokoso pang'ono, ankaizimitsa. Kwaya ikaphonya mawu kutchalitchi, ankachita tsinya mpaka potuluka.

Munthuyu ankasunga bambo ake okalamba pakhomo pake. Ankasunganso galamafoni ndi mbale imodzi yakuda. Pa mbaleyo panali nyimbo za kwaya ya kumudzi kwawo, ndipo wotsogolera nyimbozo anali mayi ake, amene anamwalira kalekale. Mawu awo sanatsale kwina kulikonse koma pamenepo.

Koma galamafoniyo inali chete. Kamutu kogwira singano, komwe kamatola mawu m'mizere ya mbale, kanali katawonongeka.

Bambo aja ankapempha chinthu chimodzi chokha. "Mwana wanga, ndimveko mawu a mayi ako ndikadali moyo."

Munthuyo anapita kumsika kwa wokonza mawailesi. Wokonzayo anatulutsa kamutu katsopano, nakamanga pa galamafoni ya m'shopu, n'kuika mbale yoyesera. Mawu anatuluka oyera. Ng'oma inamveka payokha, gitala payokha, ngakhale kupuma kwa woimba kunkamveka. Munthu wa khutu losankha uja anatsinzina n'kumagwedeza mutu. Anafunafuna cholakwika koma sanachipeze.

Kenako anafunsa mtengo. Unali wotsika, woti akanalipira pomwepo osakanda mutu. Apa m'pamene nkhope yake inasintha.

"Achimwene, kotchipa chonchi kangakhale kabwino?"

"Mwakamva nokha," anayankha wokonzayo. "Kodula kaliko kumayiko akunja, koma kusiyana kwake n'kochepa."

"Mawu a mayi anga sangadutse pa chinthu chotchipa."

Anakasiya patebulo, nabwerera kunyumba chimanjamanja. Khutu linali litavomera, koma mtima unamvera mtengo. Sindikunena kuti mayi ake sankawakonda ayi. Ankawakonda kwambiri, kungoti ankayesa kuti kudula kwa chinthu ndiwo ulemu.

Anayamba kusunga ndalama zogulira kamutu ka kunja. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Bambo akakumbutsa, iye ankayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwo ndi wabwino, koma amene ankaunena sindiye amene ankakalamba. Bambo anayamba kupendeketsa mutu anthu akamalankhula. Alendo akaodira pakhomo, iwo ankangokhala duu. Mwanayo ankati akwiya ndi kudikira, adzasangalala katundu akadzafika.

Tsikulo linafikadi. Mnzake wina wochokera ku Joni anabwera nako kamutu, kali m'kabokosi kokongola. Munthu uja anakamanga mosamala, napukuta mbale ndi nsalu yofewa. Anakhazika bambo pampando wabwino, pafupi ndi sipika, n'kuwalozera galamafoni. Bambo anadzuka kaye kukavala jekete la kutchalitchi. Anati sangakumane ndi mkazi wawo atavala malaya okhalira pakhomo.

Singano inatsika. Mawu a mayi anadzaza nyumba, oyera ngati aima pakhonde pomwepo. Munthu uja misozi inalengeza m'maso, ndipo mumtima anati zonse zija sizinapite pachabe. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inafika pakati. Anatembenuka kuti aone bambo ake.

Bambo anali atakhala mowongoka, manja pamaondo, maso pa mbale imene inkazungulira. Anadikira ndithu, kenako anamugwira mkono.

"Mwana wanga, mayi ako ayamba liti kuimba?"

Inu amene mukundimva, pali chimene munthu wina anakupemphani, ndipo mukuchichedwetsa kuti mudzachipereke chilibe banga. Mwina chabwino munachipeza kale, n'kuchikana poti sichinakuvuteni kupeza. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa kawirikawiri ochita zimenezi ndi anthu achikondi. Koma wopemphayo akukalamba pamene inu mukusankha. Mupatseni lero, akadali wotha kulandira.