Felesiya ndi Duwa Lofiira la Pakati

Pali malemu bambo anga, chiphaliwali chinding'ambe pompano ngati muli bodza m'nkhaniyi! Ndinalipo ine, ndi maso angawa.

Mlongo wanga Nachisale, ku Bembeke kuja, anadzala maluwa otchedwa holihoki kuseri kwa khitchini. Ankawathirira madzi otsukira mbale m'mawa ndi madzulo, ndipo maluwawo anatalika kupitirira denga, moti tambala ankachita kukwera makwerero kuti aone ngati kwacha.

Tsiku lina anaitana mwana wake.

"Felesiya, duwa lomwe lagwera kunja tola. Koma m'kati mwa maluwamo usalowe. Muli chinyontho, muli achule, ndipo pomwe pali chule pamabwera wodya chule."

"Ndamva, amayi."

Kumva kwake kotani! Felesiya ankapanga zidole ndi maluwawo. Ukalizondotsa duwalo limangokhala ngati diresi. Oyera anali nawo ambiri, koma lofiira linali limodzi lokha, pakati penipeni.

"Felesiya, ndakuona maso. Usalowe!"

"Ndikungoyang'ana, amayi."

Loweruka masana, mayi ake akupeta chimanga pakhonde, ine ndikusema mpini, mwana uja anawerama n'kulowa. Phazi limodzi. Lachiwiri. Masamba n'kutsekera kumbuyo kwake. Anatambasula dzanja, duwa lija thyo!

Pomwepo china chake chozizira chinayamba kukwera pa phazi lake. Cholemera. Chosafulumira. Atayang'ana pansi, mphiri! Yonenepa ngati munsi, mutu ngati chikhatho changachi, ikupuma kuti fuuu.

"Amayiii!"

Nachisale anataya lichero. Atapatula masamba n'kuona, mawu ake anatsika.

"Usasunthe, mwanawe. Ngakhale chala."

"Ndithawe?"

"Ukathawa yakuluma. Ima."

"Mwendo ukunjenjemera, amayi."

"Uuze uleke. Yang'ana ine, usayang'ane pansi. Lero lokha undimvere."

Njuchi inatera pamphuno pake, Felesiya osasuntha. Misozi inatsika mpaka m'khosi, osapukuta. Mphiri inakwawa, n'kuima. N'kukwawanso. Mimba inadutsa. Kenako mchira, pang'onopang'ono, ngati ikuwerenga zala zake.

"Tsopano!"

Mayi ake anamukoka dzanja, onse awiri khu! pa udzu. Ine ndinalumphira momwemo, n'kuitola njokayo ndi mpini, n'kuiponya kutsidya kwa msewu.

Nachisale anafufuza mapazi a mwanayo, chala ndi chala. Panalibe ndi kabala komwe. Anakweza dzanja kuti amumenye, koma dzanjalo linangomukumbatira, iye akuseka n'kulira nthawi imodzi.

"Chitsiru changa iwe! Bwenzi pano tikuthamangitsa ngolo kuchipatala chifukwa cha diresi la chidole!"

Ndiye ana inu, mkulu akati apa usalowe, sikuti akukumanani duwa ayi. Iye waona kale chomwe chagona pansi pake. Felesiya anapulumuka chifukwa anamvera kamodzi. Mphiri ina sidzakupatsani mpata womvera mochedwa.

Eya, zoti ndinaitola ndi mpini zija ndangokometsera. Ine ndinali pamwamba pa nkhokwe, ndipo anachita kundinyengerera kuti nditsike.