Nyemba za m'botolo la Che Idrisa

Nyumba ya Anselmo Mbewe ndiyo idali yoyamba kufoleredwa ndi malata m'mudzi wawo, m'tsinde mwa phiri la Chongoni, ndipo mwini wakeyo sankalola kuti munthu aiwale zimenezi. Mvula ikayamba kugwa ankakhalitsa chete banja lonse kuti amve bwino kulira kwa denga lake. Ntchito yake idali yocheka matabwa kwa mzungu wina m'nkhalango. Pocheka pamakhala anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje, ndipo Anselmo adali wa m'dzenje, uja utuchi wonse umamuthera m'maso ndi m'mphuno. Malatawo adatenga pangongole ya mapaundi khumi kusitolo ya Che Idrisa, kumsewu waukulu, m'chaka cha 1953. Pangano lidali lakuti mwezi ukatha azipereka mashilingi khumi, ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu sadaphonyepo.

Chisanu cha mu Juni chidam'bweretsera chibayo. Adagona kuchipatala cha mishoni masabata asanu, nabwerako atawonda ngati mpini wa khasu, mpweya uli wopereweza. Atabwerera kuntchito adangokoka sowo kakhumi, nakhala pansi m'dzenje momwemo ali wefuwefu. Kapitawo adamumvera chisoni ndithu, koma chisoni sichicheka thabwa. M'mawa mwake m'dzenjemo mudalowa munthu wina.

Luso limodzi lokha ndilo matenda adamusiyira. Anselmo ankadziwa kunola sowo ndi tupa, dzino limodzilimodzi, ndipo nkhwangwa ikadutsa m'manja mwake inkameta ndi ndevu zomwe. Anansi ankam'patsa tiki, ena sikisi, theka la shilingi. Mkazi wake, Marita, ankagulitsa kachewere wa kudimba. Tindalamato ankatiponya m'kachitini kapansi pa bedi.

"Bambo, tatengani zili m'kachitinizi mukapereke kwa Che Idrisa," adatero Marita tsiku lina.

"Ine? Ndikatule sikisi pakauntala ngati mwana wogula switi? Tidapangana mashilingi khumi. Akadzakwana ndidzapita."

Koma sadakwane. Kachitini kakati kazilemera, mchere watha. Kakayambanso, sopo. Kenaka msonkho udabwera nusesa zonse. Manyazi adamugwira Anselmo mpaka adasiya kudutsa pasitolo. Popita kutchalitchi ankalambalala kudzera kudambo, munthu wachifuwa, kumakafika Misa ili pakati, matope ali m'maondo. Miyezi idatha inayi. Marita adalankhula mpaka kutopa, koma mawu ake ankangolowera khutu ili n'kutulukira linali.

M'mawa wina mu Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri, Anselmo adaona njinga ya Che Idrisa ikukwera kanjira ka kunyumba kwake, hamala yozulira misomali itamangidwa kumbuyo. Adathawira kuseri kwa nkhokwe, nauza mkazi wake kuti anene kuti wachokapo. Marita adayala mphasa, nalonjera mlendo, ndipo asananame n'komwe, chifuwa chidamuulula mwamuna wake kuseri kuja.

"Nkhokwe yanu ikutsokomola, mayi," adatero Che Idrisa. "Iuzeni ibwere tidzacheze."

Anselmo adatuluka atazyolika. Che Idrisa adamufunsa za m'thupi, kenaka adakweza maso nawerenga malata onse ndi chala, osafulumira.

"Achimwene, malata obowokabowoka ndi misomali ine ndilibe nawo ntchito. Koma nanenso katunduyu ndidatenga pangongole kwa amwenye ku Limbe. Mukapitiriza kundizemba, ndizula ndithu mvula isanagwe, ndikagulitse motchipa. Kuti mudadwala ndidamva. Chandiwawa n'chakuti mumadzera kudambo."

"Ndimachita manyazi, Che Idrisa. Mashilingi khumi sindingawapezenso."

"Nanga mumapeza zingati?"

"Sikisi. Sabata yabwino, shilingi."

Che Idrisa adapempha Marita kuti abweretse nyemba zake zambewu ndi botolo. Adakhala pamphasa paja nawerenga nyemba mazana awiri ndi makumi anayi, akuponya m'botolomo imodziimodzi, poti Anselmo za m'buku la sitolo sankaziwerenga.

"Kwatsala mapaundi asanu ndi limodzi. Nyemba imodzi ndi sikisi. Botolo likakhala kusitolo. Loweruka lililonse muzibwera ndi chimene muli nacho, ine ndizikubwezerani nyemba zanu. Likadzatha botolo, denga ndi lanu. Koma Loweruka limene sindidzaona nkhope ya munthu wa pakhomo pano, Lolemba lake ndidzabwera ndi makwerero."

Loweruka loyamba Anselmo adalowa m'sitolo. Botolo lidali pashelefu, pakati pa sopo ndi machesi. Adatula sikisi, nalandira kanyemba kamodzi, ndipo botolo lidangokhala ngati silidakhudzidwe. Adafika kunyumba ali wokhumudwa.

"Ndidzafa botolo lija likadali lodzaza," adatero.

"Ndipatseni nyemba yanga," adayankha Marita. Adaiponya mumphika wa phulusa kuti anankafumbwe asaiboole, navundikira.

Chimene Anselmo sadaganizire n'chakuti pakhonde la sitolo pamadutsa anthu ambiri kuposa kudambo. Tsiku lina telala wa pakhondepo adadandaula za sizasi yobuntha, Anselmo natulutsa tupa m'thumba. Loweruka linalo munthu wina adabwera ndi nkhwangwa, wina chikwanje. Bonifasio, mnzake uja ankaima pamwamba pa chipika, adayamba kubweretsa masowo a anzake onse, akuti wonola watsopano ankangowononga mano. Che Idrisa adamupatsa ngodya ya khonde ndi kabenchi. Anselmo adayamba kuliyembekezera Loweruka, poti pamenepo m'pamene ankamva nkhani za dziko, za Chitaganya ndi za obwera ku Halale, manja ali pantchito. Masabata ena ankapita kwawo ndi nyemba zitatu, ena zisanu.

Sikuti zonse zidali myaa. Chisanu chotsatira chifuwa chidamugwetsanso, ndipo m'nyumba mudatsala tiki yekha, theka la sikisi. Anselmo adati bola kungokhala, munthu sangayende mtunda wonsewo chifukwa cha tiki. Marita adangotenga tikiyo. Adafunda nsalu nalowa m'nkhungu, ndipo adabwerako masana atafumbata kanthu. Che Idrisa adali atatenga mpeni n'kuing'amba nyemba pakati.

"Akuti theka linalo mukatenge nokha mukadzuka," adatero Marita. Anselmo adaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira tsikulo sadanenenso za kukhala.

Botolo lidatsika mpaka pakati, kenaka nyemba zidayamba kulira m'katimo akaligwedeza. Mu Novembala wa 1956 Che Idrisa adalipendeketsa, kanyemba kotsiriza nikagwera m'dzanja la Anselmo. Adamupatsanso botolo lomwelo.

"Katengereni palafini," adatero. "Koma benchi musalisiye. Anthu anu a nkhwangwa amandigula mchere."

Anselmo adathokoza. Adagwira dzanja la Che Idrisa ndi manja awiri, misozi ili lengelenge, mtima uli mbee.

Mvula yobzalira itagwa, Marita adasefa phulusa lija nakabzala nyembazo m'mizere ya chimanga kuseri kwa nyumba. Sizidamere zonse, poti zina zidali zitakalamba, ndipo ija yong'ambidwa adangoisunga. Koma zimene zidamera zidayanga bwino, ndipo pokolola zidadzaza dengu. Madzulo a tsiku lokololalo kudagwa kamvula kotsalira. Anselmo adayamba kufotokozera mkazi wake kuti nzeru yonseyi iye adaiona kale kuyambira pachiyambi.

"Takhalani chete, bambo," adatero Marita. "Ndikumvera denga langa."

Anselmo adatseka pakamwa namvetsera nawo, dengu la nyemba lili pakati pawo. Adanena akuluakulu kuti pang'onopang'ono ndi mtolo.