Kapu Yoyamba ya Kaliwo

Inu mumati ine ndikanena kuti kunja kukugwa mvula, muyambe mwatulutsa dzanja pawindo. Chabwino, sindikana. Koma nkhani iyi itsutseni ngati mungathe, tione.

Panali munthu wina wocheka matabwa kunkhalango, dzina lake Kaliwo. Sowo yaikulu imafuna anthu awiri. Wina amaima pamwamba pa chipika, wina m'dzenje pansi pake. Wapamwamba ndiye amatsata mzere wa makala, ndiye mwini mtengo. Wapansi amangokoka ndi kudya utuchi. Kaliwo anali wapamwamba. Wapansi anali mlamu wake, Filimoni.

Kaliwo anali ndi diso. Akalipentala ankachita kulimbirana matabwa ake. Koma ankamwa kachasu. Poyamba ankamwa akaweruka. Kenako anayamba kumwa m'mawa, ati kuti manja aleke kunjenjemera. Mzere unayamba kumuthawa. Tsiku lina anaterereka pa chipika, nagwera m'dzenje, sowo n'kumung'amba ntchafu. Filimoni anamubereka kumsana mpaka kumsewu.

Kuchipatala bala linapola msanga. Chimene chinachedwa ndi ludzu. Munthu wamkulu uja ankatuluka thukuta ngati ali padzuwa, ankalira, ankaona tizilombo tikuyenda pakhoma pamene panalibe kanthu. Pomutulutsa, adokotala anamuuza kuti, "Bambo, mowa wanu wonse munamaliza kale. Ngakhale dontho, ayi."

Anabwerera kunkhalango kuja. Kapitawo wa gulu lawo la ocheka anati, "Pamwamba sindingakuikeni. Lowani m'dzenje." Kaliwo analowa. Chilimwe chonse anadya utuchi. Anzake akakhala pansi kumwa, iye ankapita patali kukanola sowo. Manja anakhazikika. Ana ake anasiya kuthawira kuseri kwa nyumba akamva mapazi ake. Mvula ili pafupi, kapitawo anamubwezera pamwamba, ndipo matabwa anatuluka owongoka ngati kale.

Tsono pagulu limeneli panali mwambo. Mtengo ukatha, wapamwamba ankagulira anzake botolo. Kapu yoyamba ankamwa yekha anthu onse akuona, kuti adziwe kuti sanathiremo mankhwala. Ali m'dzenje, mwambowu sunkamukhudza. Tsopano unali wake.

Anamaliza mlombwa waukulu masana ena. Botolo anagula, poopa kutchedwa womana. Anathira m'kapu, napereka kwa kapitawo ndi manja awiri.

Kapitawo sanatambasule dzanja. "Achimwene, mwaiwala? Mwini mowa ndiye amayamba."

"Ine ndinasiya, akapitawo. Mukudziwa inu."

"Mwasiya inu, ndiye tife ndife?" anatero wina. "Mwathiramo chiyani, abusa?"

Onse anaseka. Koma kuseka kutatha, kapu ija inali idakali m'manja mwa Kaliwo, ndipo fungo lake linali litakwera kale m'mphuno. Anayang'ana Filimoni. Uyu ndiye ankadyetsa ana ake iye ali kuchipatala. Uyu ndiye anamuona akulira. Akanangotenga kapuyo, nkhani ikanathera pomwepo.

Filimoni sanali munthu woipa. Anangochita manyazi kuti banja lawo linenedwa za ufiti. Anasendera pafupi, nanong'ona kuti, "Alamu, ingonyowetsani milomo. Anthu asatinene."

Kaliwo anamwa.

Anzake anaomba m'manja. "Eya! Mwamuna wabwerera!" Kapu inazungulira, ndipo itafikanso kwa iye palibe anachita kumukakamiza.

M'mawa mwake pamwamba pa chipika panalibe munthu. Anamupeza pakhonde la mayi wotcheza kachasu, nsapato atasiya momwemo ngati chikole. Kumwa kwake kwachiwiri kunaposa koyamba. Ana anayambanso kuthawira kuseri.

Patapita nthawi, anatulukira kunkhalango kuja, atawonda. Anaima m'mbali mwa dzenje, osayerekeza kupempha ntchito. Filimoni anasiya sowo, natuluka m'dzenje utuchi uli mbuu kumutu, nanena anthu onse akumva: "Kuyambira lero kapu yoyamba ya alamu ndizimwa ine. Ngati muli mankhwala, afe Filimoni." Kapitawo anawerama. Kaliwo anayambanso ulendo wake pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero akucheka.

Ndiye inu amene mumagwira ntchito limodzi ndi munthu wosiya mowa, kaya chamba, kaya mapiritsi, mvetserani. Munthu ameneyo nkhondo yake akumenya tsiku lililonse, pamene inu mukuona ngati akungonola sowo. Simungamuchotsere ludzu. Koma kapu ikaima m'manja mwake anthu akuseka, itengeni. Mwambo uli ndi anthu ambiri ouyang'anira. Iye ali ndi inu nokha. Ndipo mawu oti "pang'ono pokha" musawatulutse, ngakhale mukuwanena mwachikondi.

Mukundiyang'anitsitsa bwanji? Chabwino, ndinene. Sowo, dzenje, kapu, zonsezo sindinawonjezepo kanthu. Ndapeka malo amodzi okha, poti ndinaona amayi ena pakati panupa ayamba kupukuta m'maso ndi chitenje. Kaliwo sanabwererenso kunkhalango. Mawu aja Filimoni anawanenadi, onse monga ndawanenera. Koma anawanenera kumanda, adzukulu atayamba kale kukwirira.